Kwaya ya Opinda Nsalu

"...ndipo zikhale zakuda, tonsefe. Wina asadzatulukire ndi nsapato zofiira ngati akupita kukalanda mwamuna wa mwini."

"Nanga amene alibe zakuda atani, a Wailesi?"

"Apake polishi mapazi akewo."

Chipinda chonse chinaseka, koma panalibe dzanja lomwe linaima. Ine ndinali pakhomo, nditanyamula botolo la mapiritsi lomwe azakhali anaiwala kunyumba, nthunzi yonunkhira sopo itandinyowetsa kale nkhope. Aka kanali koyamba kulowa kuntchito kwawo. Kampaniyo imachapa nsalu za m'zipatala ndi m'mahotela, ndipo chipinda chimenechi ndi chomaliza: nsalu zikachapidwa, kuumitsidwa ndi kusitidwa, zimabwera muno pa tingolo kudzapindidwa. Ndi chipinda chachitali, chofupika denga, mawindo ake ali m'mwamba moti kunja suona. M'mbali muli matebulo achitsulo. Amayi amaima awiriawiri moyang'anizana, wina atagwira nsonga ziwiri za bedishiti, mnzake ziwiri zinazo.

"Eee, taonani, Mtchona watipeza!" anakuwa mayi wolamula za nsapato uja. Anali wamfupi, wojintcha, mpango uli pambali. Amawatcha a Wailesi chifukwa batani lozimitsira linasowa kalekale. "Lowa mwana iwe, sopo saluma. Kapena kwanu kuja nsalu zimadzipinda zokha?"

Mtchona ndine. Makolo anga anapita nane kunja ndisanayambe n'komwe sukulu, ndipo ndinakulira komweko. Ndinabwera kuno ndikunena kuti ndidzangocheza pang'ono, koma miyezi inkapita ndili m'chipinda chaching'ono kwa azakhali, sutikesi ili chitsegukire pansi, osaimasula komanso osaitseka. Kuja ankandifunsa kuti kwanu n'kuti. Kuno ankandifunsa kuti ubwerera liti.

Amene anagwira mbali ina ya nsalu ya a Wailesi anali azakhali anga, mlongo wawo wa bambo. Ndi aatali, owonda, osalankhulalankhula. Padzanja lamanja ali ndi chipsera chooneka ngati nsonga ya mkondo, chomwe simbi yamakala inawasiyira ali mtsikana, ndipo kuntchito konse amadziwika kuti aNasimbi. Anandiyang'ana, n'kuloza ndi chibwano pomwe ndiike botolo. Kenako anakhosomola pang'ono n'kunena, osakweza mawu:

"Iyi ndi ya malemu a Sitalichi."

A Wailesi anatseka pakamwa. Ndinadabwa kuti zimatheka.

"Gwira uko, mwana wa mayi," anayamba azakhali. Kunyumba ndinali ndisanawamvepo akuimba. Mawu awo anali okhuthala, okanda pang'ono, ngati chitseko cholemera chikutseguka.

"Ndagwira, ndagwira," chinayankha chipinda chonse.

"Tauni ino n'ja eni ake."

"Ndagwira."

Apa mawu onse anatha. Manja anakwera, nsalu zinafufuma m'mwamba ngati zikupuma, kenako amayi anakoka limodzi: phwa! Pomwepo mawu onse anagwera pamodzi, ena pansi ena pamwamba, "Tikumane pakati, tikumane pakati," aliyense akuyenda kupita kwa mnzake, nsonga kukumana ndi nsonga, wina kuwerama kutola mpindiro, n'kubwerera m'mbuyo. Ndime ikamatha, bedishiti inali itagona patebulo, yosalala ngati buku.

Ndakhalapo m'maholo aakulu kunja kuja, momwe munthu ukakhosomola anthu amakutembenukira. Koma tsitsi linali lisanandiimepo chonchi. Ndinaiwala kuti ndinangobwera kudzasiya mapiritsi.

Madzulo tikuyenda kupita kunyumba, ndinawafunsa kuti a Sitalichi anali ndani.

"Mayi wina wamwano," anatero azakhali. "Anachoka kwawo kuthawa mwamuna, n'kubwera ndi nyimbo zake m'mutu, mwana kumbuyo. Ndi amene anandiphunzitsa kupinda. Ukalakwitsa ankakukoka ndi nsalu mpaka ugwe chafufumimba."

Azakhali analowa m'nyumba yochapiramo ija ali mtsikana wosadziwa n'kumanga mpango komwe, kulowa m'malo mwa mayi awo omwe chifuwa chinawagwetsa. Nthawi imeneyo zonse zinali za manja. Amayi ankachokera m'madera osiyanasiyana, ena zilankhulo zawo zosamveka, ndipo aliyense ankabwera ndi nyimbo za kwawo: zolira, zotukwana mwaulemu, zogonekera mwana, zoseka mwamuna waulesi. Zinkalowa m'ntchito n'kukhala za onse, koma dzina la mwini silinkaiwalika. Mpaka lero azakhali sayamba nyimbo asanatchule amene anabwera nayo. M'nyimbo zina muli mawu omwe palibe akudziwa tanthauzo lake. Amawaimba choncho, osasintha, poti mwini wake anawasiya choncho.

"Sukulu ya bambo ako inatuluka m'simbi," anatero, akundionetsa chipsera chija ngati akundionetsa chithunzi. M'chipinda chopindira chija ndi momwe azakhali anamvera zowawa za kubereka mwana wawo woyamba, a Wailesi n'kuwakweza pa kangolo ka nsalu mpaka kumsewu. Mwana wawo wachiwiri atamwalira, amayi anzawo anabwera kunyumba kudzakhala nawo, koma azakhali akuti misozi inatuluka bwino atabwerera kuntchito, atagwira uko, mnzawo atagwira kuno.

"Zinalipo zambiri, Mtchona. Zochapira zinapita ndi makina ochapira. Zofinyira zinapita. Zositira zinatha atabweretsa chimakina chozungulira chija. Sikuti wina anatiletsa ayi. Unkangozindikira kuti chaka chatha osaiimba, ukati uiyambe, wokuyankha palibe. Zatsala zopindira zokha."

Chibokosi chachikulu chomwe ndinachiona m'khonde la kuntchito kuja, chokutidwa ndi pulasitiki, anali makina opinda nsalu. Akangowalumikiza, amayi agawidwa: ena kukasankha nsalu zakuda, ena kukapakira, ena kuima pafupi ndi makinawo atavala zotseka m'makutu. Ntchito sataya, koma sadzaimanso awiriawiri. Azakhali okha anali oti akupuma ntchito, zaka zakwana.

"Ndiye nyimbo zipita kuti?" ndinafunsa.

"Funso lake ndi limenelo."

Kumapeto kwa msewu wathu kuli holo ya m'dera, momwe anthu amachitira misonkhano. Kuseri kwake kuli chipinda chomwe komiti imapereka ulere kwa magulu oimba, gulu lililonse tsiku lake. Malo anali atatsala amodzi, Loweruka masana, ndipo magulu ofuna malowo ankayenera kukaimba pamaso pa komiti. Azakhali anali atalembetsa. Kunyumba kwathu sikukanatheka: anthu anayi akakhala pabalaza, wachisanu amaima pakhomo. Akapeza chipinda chija, amayi azikumanabe ndipo ana aziphunzira. Akalephera, nyimbo zopindira zitsatira zinzake.

Ine ndinali ndi nzeru zanga za kunja. Ndinawauza kuti nyimbo masiku ano sizifa, timazijambula, timaziika pa intaneti, munthu ali kutsidya kwa nyanja n'kuzimva. Anandilola. Ndinajambula masana onse pafoni, n'kuwaika timahedifoni m'makutu. Anamvetsera atatsinzina mpaka nyimbo inatha.

"Akuimba bwino amayiwa," anatero. "Sunga, usafufute. Koma mwana akadzalakwitsa, foniyi idzamukoka kuti agwe?"

Kukonzekera kunali m'manja mwa a Wailesi. Iwo anali ataonera makwaya ambiri pa TV ndipo ankadziwa mmene kwaya yeniyeni imaonekera. Bulauzi yoyera. Siketi yakuda. Nsapato zakuda. Mizere iwiri, aatali kumbuyo. Manja kumbuyo, maso kutsogolo, osagwedezeka ngati uli ndi nsabwe.

"Ndipo wina asakatchule zoti timachapa," anatero. "Moyo wonse anthu akhala akutinunkhiza sopo m'basi. Tsiku limodzi lokha tikakhale amayi oimba. Amva aNasimbi?"

"Ndamva, amwali."

"Chifukwa inu mumatha kufika pamaliro n'kuyamba kuyang'ana ngati nsalu ya pabokosi yasitidwa."

Palibe anatsutsa. Ndinaona mmene ena anayang'anira manja awo, osweka ndi bulichi, ndipo ndinamvetsa kuti nkhani ya nsapato sinali ya nsapato yokha.

Ankayeserera tsiku ndi tsiku, kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Nanga akanayeserera kuti, ndi nthawi yanji, anthu oti akaweruka ana akudikira? Ankayeserera akupinda. Ndipo zinkamveka bwino kwambiri, moti madalaivala a magalimoto onyamula nsalu ankazimitsa injini kuti amve. Palibe mmodzi yemwe anaganiza zoti aimepo pamzere kamodzi kokha, manja ali kumbuyo, n'kuyesa.

Amuna awo a azakhali, omwe ine ndimawatcha ankolo, anapuma ntchito yoyendetsa basi ndipo masiku ano ntchito yawo ndi kukhala pakhonde n'kumapereka maganizo pa chilichonse chodutsa. M'mawa mwa tsiku lokaimba kwa komiti anawayang'ana akazi awo kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zobwereka.

"Koma ndiye mwatchena, mayi. Ndikanapanda kukukwatirani kale, bwenzi lero ndikuyamba."

"Bwenzi ndikukana."

"Koma kumbukirani, zaka zonsezi mwakhala mukuimbira mabedishiti. Bedishiti siinadandaulepo. Anthu ndi ena."

"Inu basi yanu inkalira njira yonse, munaimva liti nyimbo? Tiyeni mutiperekeze."

Holo inali yodzaza kuposa mmene tinkaganizira. Kutsogolo kunali nsanja ya matabwa, ndipo pansi pake panali tebulo lalitali la komiti, lokutidwa ndi nsalu yobiriwira yofika pansi. Pamwamba panali makapu a tiyi ndi mabotolo a madzi. Wapampando anali bambo wadazi, wa magalasi, wooneka kuti sanagone mokwanira koma wakonzeka kupirira. Azakhali anaiyang'ana nsalu ija nthawi yaitali. Inali ndi makwinya pakati ndi mabala a tiyi.

"Maso kutsogolo, aNasimbi," ananong'oneza a Wailesi.

Anayamba ndi achinyamata, anyamata ndi atsikana ovala zofanana, ali ndi kiyibodi. Ankaimba bwino ndithu, mawu awo osalala ngati galasi. Kenako azibambo atatu a magitala. Anthu anaomba m'manja. Kenako anaitana gulu la azakhali.

Anakwera pansanja nsapato zikulira, gwa gwa gwa. Ena ankayenda ngati akuponda minga. Anaima mizere iwiri, aatali kumbuyo, manja kumbuyo. Ine ndinali pambali pa nsanja ndi foni yanga, pomwe ndinkaona nkhope zawo ndi misana yawo yomwe.

"Iyi ndi ya malemu a Sitalichi," anatero azakhali. Wapampando anayang'ana anzake, osamvetsa, koma anagwedeza mutu.

"Gwira uko, mwana wa mayi."

"Ndagwira, ndagwira."

Mawu anatuluka ochepa, ngati a anthu ena. Komabe anayenda.

"Tauni ino n'ja eni ake."

"Ndagwira."

Ndiye kunabwera kachetechete kaja. Amayi anadikira. Chomwe ankadikira sichinabwere. A Wailesi analowa okha, "Tikuma..." n'kuima. Awiri akumbuyo analowa pambuyo pawo. Wina kumapeto analowa aliyense atasiya kale. Zinamveka ngati mbale zagwa pa shelefu, ina pambuyo pa inzake.

Kumbuyo kwa holo wina anaseka, mnzake n'kumuletsa.

"Yambaninso, amayi, musaope," anatero wapampando mokoma mtima.

Anayambanso. Ulendo uno aliyense ankaopa kukhala woyamba, ndiye pamalo paja panalibe analowa. Chete uja anakula mpaka ndinamva mpando wa ankolo ukulira. Thukuta linkatsika m'khosi mwa a Wailesi.

Ndili pambali paja ndinaona chinthu chomwe anthu a m'holo sankachiona. Kumbuyo kwa misana, manja onse ankagwira ntchito. Zala zinali zitatsina nsonga za nsalu yomwe kunalibe. Zikono zinkakwera pang'ono n'kukoka, aliyense nthawi yake.

"Zikomo kwambiri, amayi," anayamba wapampando, akuvula magalasi. "Tikudziwa kuti kuima pagulu si chinthu chapafupi. Mwina chaka chamawa..."

Azakhali anali atatulutsa manja awo kumbuyo ndipo ankawayang'ana ngati mwana amene wabwera ndi uthenga. Kenako anayang'ana tebulo.

"Bambo wapampando, pepani. Mungatibwerekeko nsalu yanuyo?"

"Nsalu iti, mayi?"

"Imene mwatsamirayo."

"ANasimbi!" ananong'oneza a Wailesi, kunong'oneza kwawo komveka mpaka pakhomo. "Mukutivula pagulu!"

"Tavulidwa kale, amwali. Vulani nsapatozo."

Azakhali anatsika okha, n'kuyamba kuchotsa makapu patebulo limodzilimodzi, akupatsira a komiti kuti agwire. Mayi wina wa komiti anapezeka wanyamula makapu awiri ndi botolo, pakamwa pali yasa. Azakhali anasolola nsalu ija, tebulo n'kutsala lamaliseche, matabwa ake othimbirira, mwendo umodzi womangidwa ndi waya. Anakwera nayo pansanja, n'kutembenukira anthu.

"Ife ndife ochapa," anatero. "Ena mwa inu munabadwira pa nsalu zomwe tinapinda ife. Nyimbozi sitinaziimbepo manja ali chabe. Sitinkadziwa. Tadziwa lero, pamodzi ndi inu."

Anaponya mbali imodzi. A Wailesi anaiwakha isanafike pansi, poti manja awo sanawafunse maganizo. Anayang'ana nsalu, anayang'ana anthu, kenako anavula nsapato ndi zidendene, kuzikankhira kumbali.

"Zimandiluma kale," anatero. "Za mlamu wanga, mapazi ngati a mwana."

Holo inaseka, koma kuseka kwina tsopano. Amayi ena nawo anavula. Mizere inasweka yokha, aliyense n'kupeza mnzake wa masiku onse, kuima moyang'anizana, osayang'ananso anthu.

"Gwira uko, mwana wa mayi."

"Ndagwira, ndagwira."

Awa ndiye anali mawu aja. Anachokera pansi, m'mapazi opanda nsapato.

"Tauni ino n'ja eni ake."

"Ndagwira."

Nsalu yobiriwira inakwera, inafufuma pamwamba pa mitu yawo, inaima kanthawi ngati ikuganiza, fumbi la misonkhano yambirimbiri likuwala m'dzuwa la pawindo. Phwa!

"Tikumane pakati, tikumane pakati!"

Onse pamodzi, ngati khomo limodzi latseguka. Ndinamva matabwa a nsanja akunjenjemera m'mapazi mwanga. Apo ndi pomwe ndinamvetsa kuti chete uja sanali chete. Anali malo a nsalu. Nyimboyi ili ndi woyambitsa, oyankha, ndi nsalu, ndipo iwo anali atasiya woimba mmodzi kuntchito.

Amayi enawo ankapinda mpweya, maso ali pa nsalu imodzi ija. Mayi wina m'gulu la anthu anavula nsalu yomwe anafunda pamapewa n'kuiponya pansanja. Wina anaponya yake. Woyang'anira holo anathamangira kuchipinda chosungira katundu n'kubwera atakumbatira makatani akale. Ndime yachitatu ikamayamba, nsanja yonse inali nsalu zokhazokha, zamaluwa, zofiirira, zong'ambika m'mbali, zonse zikukwera limodzi ndi kugwa limodzi, phwa, ngati ng'oma yaikulu yopanda chikopa.

Azakhali sanaime. Anatchula dzina la mayi wina, n'kulowa nyimbo yoseka mwamuna amene amadwala m'mawa uliwonse n'kuchira nthawi ya chakudya. Anthu anagwa ndi phwete. Ankolo anaimirira n'kukuwa kuti, "Si ine ameneyo!" ndipo phokoso linawirikiza. Kenako inabwera yogonekera mwana, ya mawu osadziwika tanthauzo aja, yomwe nsalu siikokedwa mwamphamvu koma kungoitsitsa pang'onopang'ono, fuu. M'holo munali zii. Mayi wa komiti uja anali akadagwirabe makapu, ataiwala kuti ali ndi manja.

Atabwerera ku nyimbo ya a Sitalichi, anthu onse anali atadziwa poyankha. Atsikana a gulu la kiyibodi aja anali atafika kale m'mphepete mwa nsanja, mapewa akuyenda okha. Azakhali anakodola mmodzi, wamtali, wa tsitsi loluka.

"Bwera. Gwira uko."

Mtsikanayo anagwira ndi nsonga za zala, mwaulemu, ngati akulandira kapu kwa apongozi. Nsalu itakwera, azakhali anakoka. Inamuthawa m'manja, iye n'kudzandira kutsogolo mpaka kugwera pachifuwa pawo.

"Umagwira ngati n'ja eni ake," anatero azakhali, akumuimiritsa. "Gwira ngati muli mwana wako m'menemo. Tiyenso."

Anagwiranso, nsagwada atalimbitsa. Anzake anakwera nawo, aliyense kupeza mayi wake. Ulendo uno mtsikanayo sanasiye, azakhalinso sanasiye, ndipo holo yonse itayankha "Ndagwira," onse awiri anakoka ndi mphamvu zawo zonse.

Phwa! Kenako: kweee.

Nsalu ya komiti inang'ambika kuchokera pampendero mpaka pafupi ndi pakati.

Nyimbo inathera pomwepo. Mtsikana anagwira pakamwa. A Wailesi anayamba kufunafuna nsapato zawo ndi phazi. Anthu onse anatembenukira kwa wapampando.

Bamboyo anayang'ana tebulo lake lamaliseche, anayang'ana nsalu, kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka anapukuta maso ndi tayi. Anaweramira kwa anzake, ananong'onezana pang'ono, ndipo mayi wa makapu uja anagwedeza mutu mwamphamvu moti tiyi wotsala anamutayikira pa siketi.

"Amayi," anatero wapampando, "magulu enawa aimba bwino, ndipo ali nako kokumana. Tafunsa. Inu mulibe. Chipinda ndi chanu, Loweruka lililonse. Koma pali mawu awiri. Loyamba, chitseko chizikhala chotsegula, aliyense wofuna kuphunzira azilowa."

"Ndi chimene tabwerera," anatero azakhali.

"Lachiwiri, nsalu yathu ibwere yosokedwa."

"Ibwera yosokedwa, yochapidwa ndi yositidwa. Simudzaizindikira."

Sindikumbukira bwino zomwe zinachitika pambuyo pake, poti foni ndinali nditaitsitsa kalekale ndipo wina anali atandikumbatira, sindikudziwa ndani. Nthungululu zinali ponseponse. Azibambo a magitala anabwera kudzafunsa ngati angamabwereko kudzamvera. Woyang'anira holo anapereka kiyi kwa azakhali, n'kunena kuti makatani aja akhoza kukhala m'chipindamo, palibe akuwafuna. Ankolo ankauza aliyense kuti akazi awowo anawatulukira ndi iwo, pa siteji ya basi, mvula ikugwa.

A Wailesi anatuluka nsapato zili m'manja.

"Ine ndinanena kuyambira pachiyambi," ankauza atsikana aja, "kuti tisabise ntchito yathu. Munthu uzinyadira chimene uli. Koma aNasimbi ndi nkhani ya nsapato zakuda, nsapato zakuda..."

"Amwali," anatero azakhali, "Mulungu akukuonani."

"Andione, andidziwa kale."

Tinabwerera wapansi, azakhali ndi ine, ankolo atatsalira kuti amalize nkhani ya mvula ija. Dzuwa linali lisanalowe. Azakhali anayenda chosavala nsapato, zobwereka zija zili m'jumbo, nsalu yobiriwira itapindidwa bwinobwino m'khwapa, kiyi atamufumbata m'dzanja la chipsera. Tinafika pakona pomwe pali kasitolo ka zosokera.

"Mapewa anga atha, Mtchona," anatero. "Nsalu zolemera zija sindingamakoke masana onse. Loweruka udzagwira ndiwe mbali yanga, moyang'anizana ndi a Wailesi."

"Ine sindidziwa mawu ake, azakhali. Komanso sindikudziwa ngati ndidzakhale ndikadali kuno."

"Loweruka udzakhala uli kuno. Mawu ako ndi amodzi: ndagwira. Ukalakwitsa, a Wailesi akugwetsa, basi."

Analowa m'sitolo. Wogulitsa anatulutsa kabokosi ka ulusi wobiriwira wamitundumitundu. Azakhali anatambasula kansonga ka nsalu ija pa kauntala n'kuyamba kuyerekeza, uwu wawala kwambiri, uwu wada, uwu ndi wa yunifolomu ya sukulu. Anatuluka nawo awiri panja kuti aone padzuwa. Wogulitsa anandiyang'ana, ine n'kukweza mapewa.

"Uwu," anatero pomaliza. "Nsaluyi inafwifwa. Ulusi watsopano ukawala kwambiri, aliyense adzaona pomwe tinang'amba."

"Nanga si bwino adziwe?" ndinafunsa.

Anauzunguza ulusiwo m'zala. Kenako anaubweza m'bokosi n'kutenga wowala uja.

"Nyamula," anatero.

Ndinauika m'thumba la malaya, ndipo njira yonse mpaka kunyumba ndinkaugwiragwira kuti ndione ngati ulipo.